Dandaulo la Pamudzi Lifike Bwanji ku Khonsolo ya Phalombe

Mjigo ukafa, mlatho ukakokoloka, kapena denga la sukulu likasasuka ndi mphepo, mawu amene amamveka m'midzi yozungulira Fort Lister ndi akuti "boma latiiwala". Koma boma lake liti? Ku Capital Hill kulibe munthu amene analembedwa ntchito yodziwa kuti mjigo wa pampata wa phiri la Mulanje ndi la Michesi wasiya kutulutsa madzi. Amene ali ndi udindo umenewu ali pafupi, ku khonsolo ya Phalombe, ndipo njira yowafikira imayambira m'mudzi mwanu momwemo.

M'maiko ngati Nigeria ndi America muli ulamuliro wa fedulo, kumene chigawo chilichonse chili ndi boma ndi nyumba ya malamulo yakeyake. Kuno nkhaniyi inavuta pambuyo pa chisankho cha 2014, koma Malawi akadali ndi boma limodzi. Chimene tili nacho ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono, zonse za 1998, chaka chomwecho chimene Phalombe anachoka pansi pa Mulanje n'kukhala boma palokha. Ndondomekoyi inapereka kwa makhonsolo sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, madzi a kumudzi, ulangizi wa zaulimi, misika ndi misewu ya m'midzi. Ndalama zambiri zimachokerabe ku Lilongwe, ndipo nthawi zina zimabwera mochedwa ndiponso zoperewera. Komabe zikafika, zimapita kumene kuli pepala. Mudzi umene dandaulo lake linangothera pamaliro ndi pachigayo sumawerengedwa.

Choyamba, zindikirani mwini wake wa vutolo. Apa ndi pamene mabanja ambiri amatayira nthawi ndi ndalama ya kabaza. Mjigo wa Afridev ukatha marabala kapena mabushi, imeneyo si nkhani ya bwanamkubwa. Ndi ya komiti ya pamjigo ndi mekaniki wa m'dera, ndipo ndalama yake ndi ija timasonkha mwezi ndi mwezi. Funsani msungichuma akuonetseni kope la zosonkha. Ngati kope kulibe, vuto lenileni ndi limenelo. Mjigo ukauma, kapena mapaipi akagwera pansi, ndiye muitane mlangizi wa zamadzi kuti akauze ofesi ya zamadzi ku boma. Mipopi ya madzi otsika okha kuchokera m'phiri ili ndi bungwe la ogwiritsa ntchito madzi, la WUA. Paipi ikaphulika yambirani kumeneko. Za kusukulu zimayambira ku komiti ya sukulu ndi ya makolo, kenaka kwa mlangizi wa zamaphunziro, PEA. Za kuchipatala zimayambira kwa mlangizi wa zaumoyo ndi komiti ya pachipatalapo. Magetsi ndi a ESCOM, misewu ikuluikulu ndi ya Roads Authority, ndipo khansala angathe kungokuperekezani ndi mawu.

Ntchito yatsopano, monga chipinda chophunziriramo, mlatho, nyumba ya mphunzitsi kapena mjigo wina, ili ndi makwerero ake. Pansi pali VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu. Pamwamba pake pali ADC, ya dera la mfumu yaikulu, kaya ndi kwa Mkhumba, kwa Nkhulambe kapena kwa Nazombe. ADC imathandizidwa ndi alangizi a boma a m'deralo, ndipo zimene yasankha zimapita ku khonsolo kukalowa m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lonse. Ntchito imene sinalowe m'ndondomeko imeneyi imavuta kuipezera ndalama, ngakhale ikhale yofunika chotani.

Tsono nyakwawa ikamema msonkhano wa VDC, pakhomo panu pachoke munthu. Ndikudziwa, nandolo sadikira, ndipo msonkhano wopanda alawansi ambiri amauona ngati kutaya tsiku. Koma anthu ochepa amene amapitawo ndi amene amasankha kuti mlatho ukhale pa mtsinje uti. Amayi makamaka musasiyire abambo okha, chifukwa mtunda wa kumjigo ndi wa kusikelo mumaudziwa ndinu. Mukafika musatchule mavuto khumi. Gwirizanani limodzi kapena awiri, ndipo muonetsetse kuti mlembi walemba m'maminitsi. Musanabalalike, awerenge mokweza zimene walembazo.

Kalata yanu ikhale ndi manambala. "Tikuvutika ndi madzi" aliyense amanena. Lembani kuti mabanja angati amamwa pamenepo, mjigo unafa tsiku liti, wina woyandikira uli pa mtunda wotani, ndipo mlangizi wa zaumoyo waona ana angati otsegula m'mimba chifere mjigowo. Onjezani zimene mudzi wakonzeka kupereka: mchenga, miyala, manja. Lembani makalata awiri ofanana, mfumu idindepo chidindo, ndipo amene walandira asaine ndi kulemba tsiku pa kalata yotsala kwa inu. Chichewa n'chokwanira. Ngati m'mudzi muli foni yojambula, jambulani malowo.

Nthawi nayo ndi yofunika. Kuyambira 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, kutanthauza kuti bajeti ya khonsolo imakonzedwa miyezi ya m'mbuyo mwake. Pempho lofika mu Meyi lapeza mphika utagawidwa kale. Likankheni m'chilimwe, pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, pamene ntchito ya kumunda yachepa ndipo njira ya pampata ikupitika.

Khansala wanu mudziweni dzina, ndipo mum'gwiritse ntchito imene munam'sankhira. Ambirife timam'funa pa bokosi la maliro ndi fizi, mwina chifukwa kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo tinazolowera kupempha m'thumba mwa andale. Ntchito yake ndi kunyamula za ADC kupita nazo ku msonkhano wa khonsolo yonse, kuvomereza bajeti, ndi kufunsa akuluakulu a maofesi mmene ndalama zayendera. Muitaneni ku VDC, mum'funse mafunso atatu: pempho lathu lili pati, lidzalipiridwa ndi thumba liti, ndipo lidzayamba mwezi uti? Lembani mayankho ake. Lonjezo la pamsonkhano wa chipani ndi fodya wa pachala. Wanu ndi amene walembedwa m'bajeti.

Matumba ake alipo angapo. Pali DDF, ya chitukuko cha boma lonse, ndi CDF, ya dera la phungu. Ambiri amati CDF ndi ndalama ya aphungu, koma ndi ya misonkho yathu, ndipo imadzera ku akaunti ya khonsolo. Mu 2025 khoti linagamula kuti aphungu kuyendetsa thumbali ndi kuvota m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu umene linabweretsa bungwe la makhonsolo la MALGA. Palinso ndalama za GESD, zimene Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza mu 2020. Izi n'zosiyana ndi zinazo: khonsolo imayesedwa chaka ndi chaka, ndipo imene yasunga bwino mabuku ndi kumaliza ntchito zake imalandira zambiri. Choncho chipinda cha sukulu chosiyidwa pa windo kwa gulupu wina chikhoza kuchepetsa ndalama za Phalombe yense. Ndi nkhani yanunso.

Ntchito ikavomerezedwa musapume. Pamalopo pamayenera kukhala komiti ya anthu a m'mudzi yoyang'anira, komanso chikwangwani chonena dzina la kontalakitala, thumba lolipira ndi nthawi yomalizira. Sankhani m'komitimo munthu wodziwa kuwerenga ndi mmisiri mmodzi, osati achibale a mfumu okhaokha. Awerenge matumba a simenti pofika, alembe, aonenso kasakanizidwe kake. Musasaine pepala lopanda kanthu, kapena lonena kuti ntchito yatha pamene zitseko kulibe. Kontalakitala sapatsidwa ndalama zonse tsiku lomaliza. Gawo lina limasungidwa kwa miyezi ingapo kuti akonze zolakwika. Mng'alu ukaoneka m'nthawi imeneyi, lembani kalata kwa mkulu wa zomangamanga ku khonsolo msanga.

Kuno malo omangapo si nkhani yamasewera. Napolo wa ku Michesi mu Malichi 1991 anapha anthu mazanamazana, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anawononga kwa Nkhulambe ndi chipatala chomwe. Akuluakulu a m'mudzi amadziwa kumene madzi ndi miyala zinadutsa. Injiniya wochokera kutali akabwera kudzayeza malo, muwatenge agogowo apite naye. Komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzi isamadikire kaundula wa ufa ndi mapulasitiki. Ikhale ndi mndandanda wa mabanja okhala m'mphepete mwa mitsinje mvula isanayambe.

Nanga a khonsolo akakhala chete? Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Limakulolani kulembera ofesi ya bwanamkubwa kupempha bajeti, mtengo wa ntchito kapena mndandanda wa ntchito za CDF, ndipo ayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakana popanda chifukwa, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission. Kuchedwetsedwa ndi kuzunguzidwa m'maofesi ndi nkhani ya Ombudsman. M'zipatala za boma mulinso munthu wolandira madandaulo a odwala. Kuba ndi ziphuphu ndi za bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB. Koma kunena kuti munthu waba popanda umboni kukhoza kukutengerani inuyo kukhoti, choncho nenani zokhazo zimene munaona ndi kuwerenga.

Khonsolo nayo ili ndi dandaulo lake pa ife. Tikazemba chiphaso cha pamsika, tikaba mapaipi a m'phiri, kapena tikalima mpaka m'ngalande za msewu, tikudula ntchito yomwe tikulirira. Lipirani, koma landirani lisiti nthawi zonse, chifukwa ndalama yopanda lisiti sifika ku khonsolo.

Sabata ino gulani kope limodzi la pamudzi, mufunse a gulupu tsiku la msonkhano wotsatira wa VDC, ndipo mulembe tsikulo pa tsamba loyamba.