Mowa ndi Mayi Woyembekezera: Zimene Boma Likunena ndi Pamene Mawu Ake Safika

Werengani: Oweruza 13:2-14

M'buku la Oweruza muli nkhani ya banja la Manowa, limene linakhala nthawi yaitali lopanda mphatso ya mwana. Mngelo ataonekera kwa mkazi wa Manowa kudzamuuza kuti adzakhala ndi pathupi, anamuletsa vinyo ndi chakumwa chilichonse choledzeretsa. Manowa sanakhutire ndi kumva kwa mkazi wake. Anapempha Mulungu kuti mthengayo abwerenso adzawaphunzitse kaleredwe ka mwanayo, ndipo atabweranso anabwereza malangizo omwewo pamaso pa mwamunayo. Mwanayo ndi Samisoni.

Ndi bwino kunena chilungamo pa ndime imeneyi. Mngelo sankapereka uphungu wachipatala. Samisoni anali Mnaziri, wopatulidwa kwa Mulungu, ndipo Anaziri sankamwa vinyo. Komabe muli zinthu ziwiri zoyenera kuziona. Choyamba, lamulo la mwanayo linayamba kugwira ntchito iye akadali m'mimba, kusonyeza kuti zimene mayi adya ndi kumwa zimamukhudza mwana amene wamusenza. Chachiwiri, bambo anamva nawo malangizowo ndi makutu ake.

Azachipatala anachedwa kufika pa mfundo imeneyi. Mu 1968 dotolo wa ana wa ku Nantes m'dziko la France, Paul Lemoine, analemba za ana 127 obadwa kwa makolo okonda mowa, amene ankafanana nkhope ndi kakulidwe ngati a bere limodzi. Ochepa anamumvera. Mu 1973 madotolo awiri a ku Seattle, Kenneth Jones ndi David Smith, anaonanso zomwezo n'kutcha vutoli dzina la fetal alcohol syndrome. Kuyambira pamenepo maboma anayamba kusuntha, ngakhale mwaulesi. Dziko la America linachenjeza amayi oyembekezera mu 1981, ndipo kuyambira 1989 botolo lililonse la mowa kumeneko limalembedwa chenjezo. France inayamba kuika kachithunzi ka mayi wapathupi pa mabotolo mu 2007. Ku Britain, kwa zaka zambiri boma linkauza amayi kuti pang'ono, kamodzi kapena kawiri pa sabata, sipangavute. Mu 2016 linasintha n'kunena kuti chotetezeka ndi kusamwa n'komwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO nalo limanena kuti palibe muyeso wa mowa umene ukudziwika kuti ndi wabwino kwa mayi woyembekezera.

Chimachitika n'chiyani m'thupi? Nsengwa, imene imadyetsa mwana kudzera pa mchombo, imatchinga zoipa zina koma mowa siiutchinga. Mayi akamwa, pakangopita ola limodzi kapena awiri, mowa umene uli m'magazi a mwana umakhala utatsala pang'ono kufanana ndi wa m'magazi a mayi. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi ali ndi chiwindi chokhwima chosefa mowawo, pamene cha mwana sichinafikepo. Mowa wina umatsalira m'madzi amene mwanayo akukhalamo, iye n'kumawamezanso. Mayi akhoza kudzuka m'mawa mutu uli bwinobwino, mwana mowa usanamuthere.

Nkhope, mtima ndi ziwalo zina zimaumbika m'masabata oyambirira, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanadziwe kuti aima. Ubongo umakula miyezi yonse isanu ndi inayi. Mwana wokhudzidwa kwambiri amabadwa wochepa thupi, mutu waung'ono, maso aang'ono, mlomo wam'mwamba wopyapyala ndipo kamzere kapakati pa mphuno ndi mlomo kamakhala kosaoneka. Koma ana oterewa ndi ochepa. Ochuluka amabadwa ooneka bwino ndithu, vuto n'kudzaonekera ku sukulu: kuiwala zimene waphunzira dzulo, kulephera masamu, kusakhazikika, kupsa mtima msanga, kutengeka ndi anzake mosaganiza. Mwana wotere amabwereza Sitandade 3 kawiri katatu, amakwapulidwa kuti ndi wamwano, mwina agogo ena m'mudzi n'kunamiziridwa kuti anamulodza. Vutoli lilibe mankhwala ochiza, ndipo munthu amakula nalo mpaka ukalamba. Mowa umawonjezeranso chiopsezo chopita padera ndi kubereka mwana masiku asanakwane.

Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2017 anayerekeza kuti padziko lonse mayi mmodzi mwa amayi 10 oyembekezera amamwa mowa, ndipo chaka chilichonse ana pafupifupi 119,000 amabadwa ndi vutoli pa mlingo wake woopsa. Dziko limene linapezeka pamwamba ndi South Africa, kumene abale ambiri a ku Chiradzulu amapita kukasaka ganyu. Kumeneko muzu wake ndi wakale: m'minda ya mphesa ya ku Western Cape, eni minda ankalipira antchito awo gawo lina la malipiro ndi vinyo, ndipo chizolowezicho chinatsalira m'mabanja ngakhale mchitidwewo unaletsedwa.

Kuno ku Malawi, Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa Ndondomeko ya Dziko Yokhudza Mowa mu 2017. Inatenga zaka zambiri kuti ituluke, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro. Mu 2010 akatswiri awiri a ku Norway, Øystein Bakke ndi Dag Endal, anaonetsa kuti zikalata zoyambirira za ndondomeko ya mowa za Malawi, Lesotho, Uganda ndi Botswana zinali zofanana pafupifupi mawu ndi mawu, ndipo zinali ndi dzanja la makampani ofulula mowa. Kunali kupatsa fisi ntchito yomanga khola la mbuzi. Ndondomeko imene ilipo lero inakonzedwa ndi boma pamodzi ndi mabungwe omwe si aboma. Pambali pa iyo pali lamulo la mowa loletsa kugulitsa kwa ana osakwana zaka 18 ndi lopatsa makhonsolo udindo wopereka ziphaso kwa ogulitsa, komanso chiletso cha mowa wa m'masacheti cha 2015, chimene chinakokanakokana m'makhoti chisanagwire ntchito. Kusikelo nako malangizo a WHO, amene Malawi akutsata, akuti mayi akaonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, ndipo azifunsidwa za mowa kuyambira ulendo woyamba.

Papepala zonsezi n'zabwino. Funso ndi lakuti zimafika bwanji m'mudzi wa kwa Mpama.

Dera la Mfumu Yaikulu Mpama lili pakhomo pa Blantyre ndi Limbe, ndipo Akhristu ambiri a m'parishi za m'tauni ali ndi mayi, azakhali kapena mlongo kumeneko. Mowa umene umamwedwa kwambiri m'midzi yotere suchokera ku fakitale. Ndi kachasu wotchezedwa kuseri kwa nyumba ndi masese ofululidwa mumgolo. Ulibe chizindikiro, ulibe chenjezo, ndipo palibe amene anayeza mphamvu yake. Botolo la lero likhoza kuposa la dzulo. Chenjezo lolembedwa pa botolo la m'sitolo, ngakhale litalembedwa m'Chichewa chomveka, silingamufike munthu amene akumwera m'chipanda.

Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa 2009 anapeza kuti amuna pafupifupi atatu mwa 10 alionse amamwa, pamene amayi sankafika ngakhale mmodzi mwa 20. Wina angati ndiye vuto palibe. Koma amene amafulula ndi kutcheza ndi amayi, ndipo wofulula amalawa kuti adziwe ngati mowa wapsa. Kulawa kwa tsiku ndi tsiku sakuwerengera ngati kumwa, ndipo namwino akamufunsa kusikelo ayankha moona mtima kuti samwa. Enanso amabisa chifukwa mkazi womwa amanyozedwa kuposa mwamuna. Ndipo mayi wotchezayo sakuchita zamasewera: ndalama ya feteleza, ya sopo ndi ya yunifolomu ya ana imachokera mumphika womwewo. Kumuuza kuti angosiya, popanda kuganizira chimene adye, ndi ulaliki wa munthu wokhuta. Chimene chingatheke lero lomwe n'chakuti pa miyezi ya pathupi ndi yoyamwitsa, kulawako achite wina.

Palinso mawu amene amayenda pakati pa amayi, kumudzi ndi m'tauni momwe, akuti masese kapena Chibuku ndi chakudya, amawonjezera magazi ndi mkaka wa m'mawere. Magazi amawonjezereka ndi mapiritsi a ayironi amene amaperekedwa ulere kusikelo, pamodzi ndi nyemba, usipa ndi ndiwo zamasamba. Mowa umalowa mumkaka wa m'mawere ndipo umachepetsa katulukidwe kake. Thobwa watsopano alibe mlandu, koma thobwa wogonera masiku angapo mpaka kuyamba kuwawasa ndi kuchita thovu wayamba kale kusanduka mowa.

Chovuta kwambiri ndi mwambo wobisa mimba. Amayi ambiri saulula miyezi itatu kapena inayi yoyamba poopa anthu oipa mtima, ndipo sikelo amayamba mochedwa. Pa chinkhoswe, pa sadaka kapena pa phwando la kuntchito m'tauni, mayi amene amadziwika kuti amalawako akakana, anthu ayamba kunong'onezana. Ena amalandira chikho kuti chinsinsi chisaululike, pa nthawi yeniyeni imene ziwalo za mwana zikuumbika. Apa ndi pamene Manowa akufunika. Mwamuna ndi amene amadziwa chinsinsicho poyamba. Iye akasiya kubweretsa mowa pakhomo n'kumakana nawo pagulu, mkazi wake safunsidwa mafunso. Ndipo mowa wa bambo uli ndi njira zake zofikira mwana wosabadwayo: ndalama ya thiransipoti yopitira kusikelo imathera ku shabini, ndipo nkhanza zambiri zimene amayi apathupi amakumana nazo zimachitika bambo ataledzera.

Mafumu a m'dziko muno anaonetsa kale kuti mawu awo amamveka pa nkhani ya uchembere wabwino. Malamulo a m'midzi olipiritsa mbuzi kapena nkhuku kwa wochirira pakhomo anathandiza kuti amayi ambiri azikachirira kuchipatala. Pakhoza kubwera maganizo oti chindapusa chomwecho chigwere mayi wapathupi wopezeka akumwa. Maganizo amenewa ndi olakwika. Mayi woopa chindapusa sasiya mowa, amasiya sikelo, ndipo pamenepo mwana wataya zonse ziwiri. Ngakhale ku England, khoti la apilo linagamula mu 2014 kuti mayi amene anamwa ali ndi pathupi sanapalamule mlandu. Ngati pali woyenera kufunsidwa ndi mfumu kapena khonsolo, ndi wogulitsa amene amatsegula m'mamawa n'kumathirira aliyense.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2270, amaphunzitsa kuti moyo wa munthu uyenera kulemekezedwa ndi kutetezedwa kuyambira pamene mayi watenga pathupi, ndipo pa nambala 2290 amatchula mowa pakati pa zinthu zimene mkhristu ayenera kudziletsa. Akhristu amaikumbukira nambala yoyambayo pakabuka mkangano wa lamulo lochotsa mimba, koma imagwiranso ntchito pa chikho cha masese. Alangizi a mpingo amene amakalanga mtsikana wa mimba yoyamba amamuuza za kavalidwe, za ulemu kwa apongozi ndi za kukonzekera chikuta. Nkhani ya mowa iyenera kulowa m'malangizo amenewo, mwamuna ali pomwepo. Tsiku lokumbukira vutoli padziko lonse ndi 9 September, kuyambira 1999, ndipo limagwa m'mawa mwake mwa chaka cha kubadwa kwa Amayi Maria. Limana lofuna tsiku lokambirana nkhaniyi silingavutike kulipeza.

Mayi amene anamwa asanadziwe kuti ndi woyembekezera asataye mtima. Ana ambiri otere amabadwa bwino, ndipo kusiya pa mwezi uliwonse kumathandiza ubongo umene ukukulabe. Akauze anamwino kusikelo mosabisa, atchule mtundu wa mowa ndi kuchuluka kwake. Koma mayi amene amamwa tsiku ndi tsiku, amene manja amanjenjemera m'mawa akapanda kulawa, asasiye mwadzidzidzi ali yekha pakhomo, chifukwa akhoza kukomoka ndi kugwa ngati wakhunyu, zimene zingaphe iye ndi mwana yemwe. Ameneyu aperekezedwe kuchipatala, kaya cha boma ku Chiradzulu, cha mishoni cha St Joseph ku Nguludi, kapena ku Queens kwa amene ali mumzinda, kuti akasiye moyang'aniridwa ndi dotolo. Womuperekeza akhale mwamuna wake kapena mayi wa m'limana amene amadziwa kusunga pakamwa.