Musanagule mbande, werengani ndowa

Ana anga, inu amene mwapatsidwa kamalo kuseri kwa nyumba ndipo mukufuna kudzalapo zipatso, tcherani khutu. Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, aliyense amaoneka katswiri, chifukwa mvula imatithiririra tonse. Koma mbande sizifa mu Januwale. Zimafa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, chitsime chitaphwa, mbuzi zikungoyenda mosakusidwa. Ndiye musanapite kunazale, dzifunseni: kuchokera pamjigo kufika pakhomo, ndingasenze ndowa zingati pa sabata? Ngati mphamvu zanu ndi za mitengo isanu, dzalani isanu. Madzi otsukira mbatata ndi ndiwo zamasamba musamatayenso pabwalo, muzithirira mitengoyo.

Dzenje likumbeni mvula isanagwe, masentimita 60 kuya kwake, m'mbali chimodzimodzi. Dothi lapamwamba liikeni padera, musakanize ndi manyowa owola bwino, ndipo ndilo liyambe kubwerera pansi. Manyowa aawisi amawotcha mizu. Mango ndi mapeyala atalikirane mamita 8 mpaka 10, komanso akhale kutali ndi maziko a nyumba, pakuti kamtengo kofika m'bondo lero kadzaphimba denga.

Mango gulani omezanitsa, monga Kent kapena Tommy Atkins. Amayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pomwe odzala nthangala amakudikiritsani nthawi yaitali. Pa tsinde mudzaona kachipsera pamene mitengo iwiriyo inalumikizidwa. Musakakwirire. Mphukira iliyonse yotuluka pansi pa kachipserako ithotholeni ikadali yanthete, apo ayi idzalanda chakudya chonse, inu n'kumalera mtengo wina osati umene munagula. Chovuta kwambiri ndi ichi: kamtengo kakachita maluwa chaka choyamba, achotseni onse. Dzanja limakana, ndikudziwa, mtima umafuna kuonetsa anthu bango loyamba. Koma nthambi yosaposa chala singanyamule chipatso n'kumakulanso.

Podikira mangowo, dzalani mapapaya, chifukwa pakangotha chaka ana amayamba kudya. Ikani mbande zitatu paphando, ndipo zikachita maluwa muzule zazimuna, zija za maluwa olendewera pa timapesi titalititali, n'kusiyako mtengo umodzi waumuna m'munda wonse.

Za nthochi ndikuchenjezeni ndi mtima wonse. Chisaka chinasakaza minda ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, ndipo chimayenda ndi nsabwe za m'masamba komanso ndi ana a nthochi omwe timapatsana mwachikondi pachibale. Ngakhale akupatseni malume anu, yambani mwafunsa alangizi a zaulimi komwe kuli mbewu yopanda matenda.

Pomaliza, phimbirani pansi ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathe msanga, koma udzuwo usakhudze tsinde, ungaitane chiswe. Mpanda wa minga kapena wa njerwa zosanja mumange tsiku lodzala lomwelo, anzanu asanamasule mbuzi pokolola.