VPN Ikakana, Yambani Kufufuza Pafupi



Teremu yathayi, usiku woti mawa lake tipereke malikisi a Fomu 4, ena mwa ife tinalephera kufika pa kompyuta ya ku ofesi tili kunyumba. Mnzathu wina anachotsa pulogalamu ya VPN n'kuyiikanso kawiri konse, koma sizinathandize, chifukwa vuto silinali m'pulogalamumo.

VPN ndi njira yotetezedwa yodutsa pa intaneti, yolumikiza kompyuta yanu ndi netiweki ya ku ofesi. Zodutsamo zimabisidwa kuti wapanjira asaziwerenge. Njirayi ikaduka, tizifufuza mwandondomeko, kuyambira pamene takhala mpaka ku ofesi.

Choyamba, kodi intaneti ilipo? Zimitsani VPN, mutsegule tsamba lililonse. Kumbukirani kuti bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha siinyamula VPN, ngakhale mauthenga akulowa bwinobwino.

Chachiwiri, onani tsiku ndi nthawi. VPN zambiri zimadalira setifiketi yokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo kompyuta ikasokoneza tsiku imaikana. Manambala achinsinsi a pa pulogalamu ya authenticator nawo amasintha masekondi 30 aliwonse, choncho wotchi ya foni ikatsalira, nambala yanu imakanidwa.

Chachitatu, werengani uthenga umene watuluka. Ukanena za dzina kapena pasiwedi, ndiye kuti ku ofesi mwafika koma akukanizani pakhomo. Musabwereze kambirimbiri, akaunti ingatsekedwe. Ukanena kuti seva siikuyankha, mwina ku ofesi magetsi azima, kapena Wi-Fi imene muli inatseka khomo lodutsira VPN. Kawirikawiri OpenVPN imadutsira pa UDP 1194, pamene IPsec imadutsira pa 500 ndi 4500. Yesani hotspot ya foni. Ikatheka pamenepo, vuto ndi Wi-Fi ija.

Chachinayi ndi chimene chinatigwetsa ife. VPN inkaonetsa kuti yalumikiza, koma mafayilo osatseguka. Marauta ambiri amabwera ndi maadiresi oyamba ndi 192.168.0 kapena 192.168.1, ndipo anthu sawasintha. Rauta ya kunyumba ndi ya ku ofesi zikakhala ndi chiyambi chimodzi, kompyuta imafuna seva m'nyumba momwemo osalowa mu VPN. Zili ngati midzi iwiri ya dzina limodzi: mwana wotumidwa amasiya kalata kumudzi wapafupi. Pa Windows, tsegulani Command Prompt, mulembe ipconfig, muyerekeze adiresi ya Wi-Fi yanu ndi ya seva ya ku ofesi. Ngati zigawo zitatu zoyambirira zafanana, sinthani rauta ya kunyumba, mwachitsanzo ikhale 192.168.50.1, kapena pitani pa hotspot. Ife tinapita pa hotspot, malikisi n'kulowa usiku womwewo.

Chachisanu, lembani ping kutsatiza ndi adiresi ya manambala ya seva, kenako muyesenso ndi dzina lake. Manambala akayankha koma dzina ayi, vuto lili pa DNS, imene imamasulira maina kukhala maadiresi. Izi amakonza ndi woyang'anira netiweki, koma pakadali pano mutha kugwiritsa ntchito manambalawo.

Zonsezi zikakanika, muuzeni woyang'anirayo nthawi imene mwayesa, netiweki imene muli, uthenga umene watuluka ndi sitepe imene mwalekera. Kungoti "siikugwira" kumamupatsa ntchito yoyambira pachiyambi. Koma pasiwedi musamutumizire iyeyo kapena wina aliyense. Kuseri kwa pasiwediyo kuli malikisi a ana ndi mbiri ya fizi za makolo, ndipo zimenezi ndi amana imene tinasungitsidwa.

Ntchito ya sabata ino: aliyense alembe ipconfig pa kompyuta ya m'labu, akopere adiresi yake ndi ya Default Gateway m'kope, ndipo afotokoze chimene chingachitike zikafanana ndi za netiweki ina imene akufuna kulowamo ndi VPN.