Kodi sewero lopeka linganene zoona?

Funso: Aphunzitsi athu akuti nkhani yabwino imaonetsa moyo weniweni. Nanga zitheka bwanji, poti mlembi amachita kupeka?
Wophunzira wa Fomu 4, Nselema

Yankho: Mlembi amapeka mayina ndi zochitika, koma mavuto amawatola pakati pa anthu. Sewero la Tikuferanji la Michael Usi linatchuka chifukwa owonera ankazindikira achibale awo mwa mtengambali Manganya.

Chokoma kwambiri, kwa ine, n'pamene mtengambali akudzinamiza yekha owonera akuona. Mu Death of a Salesman, sewero la Arthur Miller la 1949, Willy Loman amadziyesa wamalonda wotchuka pamene ngongole zam'fika m'khosi. Kwanu ku Machingako nkhani yotere siisowa: mnyamata wopita ku Joni, wotumiza zithunzi atatsamira galimoto ya bwana, kwinaku akugona ndi njala.

Nthawi ya Kamuzu, lamulo la 1968 lounika mabuku ndi masewero linkatseka pakamwa alembi, choncho Steve Chimombo ankabisa choonadi m'nthano za Napolo. Lero simufunika kubisa chotero. Pitani pamsika wa Nselema, mumvetsere mmene ogula nandolo amanenerera mtengo, kenako mulembe.