PHUNZIRO 17: Andiitana ku Moatize. Ndipite Kapena Ndikhale?

Anzanga ophunzira, phunziro la lero lachokera m'kalasi mwathu momwe muno ku Zóbuè. Mnzathu wina amawotcherera zitsulo pa galaja ina pafupi ndi chipata cha malire. Wagwira ntchito pamenepo zaka 5. Tsopano kampani ina ya kontrakiti ku Moatize yamuitana. Yamulonjeza malipiro oposa amene amalandira kuno, ndipo ikufuna kuti ayambe sabata yamawa. Mnzathuyu ali ndi mkazi, ana atatu ndi munda wa chimanga ndi kachewere. Watilola kukamba nkhani yake, koma dzina lake sitilemba.

Funso lake ndi la ife tonse. Kodi munthu akaitanidwa ku ntchito ina, adziwa bwanji kuti ndi bwino kupita kapena kukana?

1. TIWERENGE

Malasha ali ku Moatize.
Ntchito ya malasha imabwera, imapitanso.
Malipiro ambiri si ndalama zambiri m'thumba.
Ndiwerenge pepala ndisanasayine.

2. MBIRI YA NTCHITO KU MOATIZE

Kuchokera ku Zóbuè kukafika ku Moatize ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Anthu akhala akuyenda ulendo umenewu kukafuna ntchito kuyambira nthawi ya atsamunda.

Mu 1976 ndi mu 1977 migodi ya Chipanga inaphulika, ndipo anthu ambiri anafera pansi. Mu 1978 boma linatenga migodiyo ndi kukhazikitsa kampani ya Carbomoc. Koma m'zaka za m'ma 1980 nkhondo inadula njanji ya Sena yopita ku Beira. Malasha anasowa njira yotulukira, ndipo ntchito inachepa.

Mu 2004 kampani ya Vale ya ku Brazil inapatsidwa malo okumba malasha. Inayamba kukumba mu 2011. Chaka chomwecho Rio Tinto inagula mgodi wa Benga. Anthu anakhamukira ku Moatize ndi ku Tete, ndipo lendi ya nyumba inakwera kwambiri. Posakhalitsa mtengo wa malasha unatsika pa misika ya kunja. Mu 2014 Rio Tinto inagulitsa Benga kwa ICVL ya ku India. Mu 2022 Vale nayonso inagulitsa mgodi wake kwa Vulcan.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa chiyani? Malasha athu amagulitsidwa kunja. Mtengo wake suikidwa ku Moatize ayi. Mtengo ukatsika, makampani amachepetsa antchito, ndipo kawirikawiri oyamba kuchotsedwa ndi a makampani a kontrakiti. Ntchito ya ku migodi ndi ntchito ndithu, ndipo mabanja ambiri amadya chifukwa cha iyo. Koma wopita kumeneko apite akudziwa.

3. TIWERENGERE

Manambala awa ndi ongoyerekeza kuti tiphunzire samu. Aliyense aikepo ake.

Tinene kuti ku galaja mnzathu amalandira 9,000 MT pa mwezi. Amagona m'nyumba yake, amadya chimanga cha m'munda mwake. Ku Moatize amulonjeza 14,000 MT. Koma kumeneko adzalipira zinthu zimene kuno salipira:

Lendi ya chipinda: 2,500 MT
Chakudya chogula: 2,000 MT
Chapa yobwerera kumudzi: 1,000 MT
Aganyu olima m'malo mwake: 500 MT
Zonse pamodzi: 6,000 MT

14,000 kuchotsapo 6,000 kutsala 8,000.

Taonani! Malipiro akwera ndi 5,000, koma zofika kunyumba zatsika ndi 1,000. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tisinthe samuyi. Tinene kuti kampaniyo ikupereka malo ogona ndi chakudya. Mnzathu adzalipira chapa ndi aganyu okha, 1,500 MT. 14,000 kuchotsapo 1,500 kutsala 12,500. Apa ntchito yatsopano ikuposa yakale ndi 3,500. Choncho samu siuza munthu kuti akane nthawi zonse. Imamuuza zoona zokha.

4. ZIMENE LAMULO LIKUNENA

Lamulo la Ntchito la dziko lathu ndi la nambala 13/2023. Linayamba kugwira ntchito mu 2024. Tidziwe mfundo zisanu.

Choyamba, kontrakiti ili mitundu. Ina ilibe tsiku lothera. Ina ndi ya nthawi yoikika, ndipo imatha tsiku lake likakwana. Funsani kuti yanu ndi iti.

Chachiwiri, ntchito yatsopano imayamba ndi nthawi yoyesedwa. Pa nthawi imeneyi abwana angathe kukuchotsani popanda kukulipirani chipukuta misozi.

Chachitatu, zaka zimene mwagwira pa malo amodzi zili ndi phindu. Chipukuta misozi chimawerengedwa potsata zaka zimenezo. Tchuthi nachonso chimasiyana: chaka choyamba ndi masiku 12, zaka zotsatira ndi masiku 30. Mukasintha ntchito mumayambanso pa chiyambi.

Chachinayi, INSS. Pa 100 MT iliyonse ya malipiro, wantchito amapereka 3 ndipo abwana amapereka 4. Nambala yanu ya INSS siitayika mukasintha ntchito. Koma miyezi yanu imawonjezeka pokhapokha abwana atsopano akamapereka ndalamazo. Penshoni ya ukalamba imafuna miyezi 240 yopereka.

Chachisanu, munthu sachoka pa ntchito usiku ngati wakuba. Ngati kontrakiti yanu ilibe tsiku lothera ndipo mwagwira zaka zoposa 3, muyenera kudziwitsa abwana mwa kalata masiku 30 musanachoke. Mukapanda kutero, mudzawalipira ndinu. Pochoka pemphaninso kalata ya umboni wa ntchito yanu.

5. MNZATHU AKAMBA NDI AMALUME AKE

Amalume a mnzathuyu anagwirako ntchito ku migodi kale. Madzulo ena iye anapita kukawaona.

"Malume, andiitana ku Moatize. Ndalama zake ndi zambiri."

"Ndamva. Nanga pepala akupatsa?"

"Ayi, Malume. Akuti ndikasayina ndikafika."

"Ntchitoyo ndi ya miyezi ingati?"

"Akuti miyezi 6. Mwina adzawonjezera."

"Mwina si ndiwo, mwana wa mlongo wanga. Miyezi 6 ikatha mvula idzakhala itagwa kale. Munda adzalima ndani? Kodi apongozi anga wawafunsa?"

"Ndawafunsa. Akuti ngati ndipita, ndisiye ndalama ya feteleza ndi ya aganyu."

"Anena zoona. Nanga abwana ako wawauza?"

"Ndimaganiza zongopempha tchuthi, Malume. Ndikayese kumeneko. Zikakanika ndibwerere."

"Iai. Mapanga awiri avumbwitsa. Akadzamva kuti unawanamiza, ntchito zonse ziwiri zidzakuthawa. Pita ukawauze zoona. Koma ine sindikukuletsa. Akakupatsa pepala labwino, malo ogona, chisoti, nsapato ndi magalasi oteteza maso, upite. Ku migodi ungaphunzire makina amene kuno sudzawaona."

Mnzathu anachita monga anamulangizira. Anaimbira foni a kampani ija ndi kupempha kuti amutumizire kontrakiti. Inali m'Chipwitikizi, ndipo tinaiwerenga pamodzi m'kalasi. Inali ya miyezi 6. Za malo ogona munalibe. Anawapempha kuti amudikire masiku 30, koma iwo anati sangathe.

Kenaka anapita kwa abwana ake. Anati: "Abwana, andiitana kwina, koma ndikufuna kukhala pano. Ndagwira zaka 5. Ndikupempha kuti muone malipiro anga." Abwanawo sanafike pa ndalama za ku Moatize. Anamuwonjezera pang'ono, ndipo analemba zimenezo pa pepala. Mnzathu anasankha kukhala. Ena m'kalasi anati wataya mwayi. Mwina n'zoona, pakuti ntchito ija ikanatha kupitirira miyezi 6. Koma iye anasankha atawerenga ndi kuwerengera. Chaka chatha sakanatha kuchita zimenezi.

6. KUKANA MWAULEMU

Wokana ntchito asangokhala chete. Ayankhe msanga kuti enawo afune munthu wina. Athokoze, anene zoona, ndipo asanyoze. Mawa angadzafunenso ntchito kwa anthu omwewo. Nayi kalata yachitsanzo:

Zóbuè, (tsiku)

Okondedwa Abwana,

Ndikuthokoza chifukwa chondiitana ku ntchito yowotcherera. Ndaganiza bwino pamodzi ndi banja langa. Pa nthawi ino sinditha kubwera, pakuti ndikupitiriza ntchito imene ndili nayo. Ngati mtsogolo mudzakhala ndi ntchito ya nthawi yaitali, chonde mudzandikumbukire.

Ine wanu,
(dzina)

Makalata a ku maofesi amalembedwa m'Chipwitikizi. Lembani yanu m'chilankhulo chathu poyamba. Kenaka tidzathandizana kuimasulira.

7. MAFUNSO

(a) Kodi Vale inayamba kukumba malasha chaka chiti? Nanga inagulitsa mgodi chaka chiti?
(b) N'chifukwa chiyani ntchito inachepa ku Moatize m'zaka za m'ma 1980?
(c) Munthu amalandira 10,000 MT pa mwezi. Kodi iye amapereka zingati ku INSS? Nanga abwana ake?
(d) Wantchito wa zaka 5 adziwitse abwana masiku angati asanachoke?
(e) Kodi kontrakiti ija ikanakhala yotani kuti mnzathu apite?

8. TIKAMBIRANE M'MAGULU

Khalani anthu asanu asanu, amayi ndi abambo pamodzi. Ndani mwa inu anasiyapo ntchito kapena munda chifukwa cha lonjezo la pakamwa? Zinatha bwanji? Ndani anakanapo ntchito kenaka n'kudandaula? Amayi anene zimene zimachitika pakhomo bambo akapita kutali. Gulu lililonse lisankhe munthu mmodzi wolemba.

9. NTCHITO YA KUNYUMBA

Jambulani mzere pakati pa tsamba. Mbali ina lembani NDIKAPITA, mbali ina NDIKAKHALA. Pansi pake lembani ndalama zolowa, ndalama zotuluka, miyezi ya ntchito, ndi amene adzalima munda. Muwerengere a pabanja panu zimene mwalemba, ndipo mubwere nalo tsambalo Lachinayi.