Pangano Lochepetsa Magetsi m'Maofesi a Boma

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira kuno ku Chikwawa, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Ife tinawerenga ndi makandulo. Tsono ndinafunsa aphunzitsi athu a sayansi ngati maofesi a Boma, m'mene mafani amazungulira tsiku lonse chifukwa cha kutentha kwa kuno ku Chigwa, angathe kuchepetsa magetsi. Iwo anandifotokozera pangano lochitika m'maiko ena. Kampani imaika mababu a LED ndi mafani osadya magetsi ndi ndalama zake. Boma silitulutsa kanthu poyamba. Bilu ikatsika, kampaniyo imalipidwa kuchokera pa ndalama zotsalazo. Ikapanda kutsika, yotaya ndi kampani. Koma mabilu akale ayenera kusungidwa bwino, pakuti popanda iwo palibe angadziwe kuti zatsala zingati.