Phunziro la Mwezi Uno: Kusonkhanitsa Onse a Dzina Limodzi m'Buku

Werengani Ezara 2:59-63.

M'buku la Ezara timva za Ayuda amene anabwerera kwao atatha ukapolo wa ku Babulo. Pakati pao panali mabanja atatu a ansembe amene anafunafuna maina ao m'kaundula wa mibadwo, koma sanawapeze, ndipo chifukwa cha ichi anawaletsa ntchito ya unsembe. Banja limodzi la iwo linadziwika ndi dzina lakuti Barizilai. Koma kholo lao silinabadwe nalo dzinali, linalitenga kuukwati, kwa apongozi ake. Tiona tsono zinthu ziwiri: munthu akhoza kutaya cholowa chake posowa cholembedwa, ndiponso dzina likhoza kufika pa munthu modzera njira ina yosakhala ya magazi.

Nkhani imeneyi itikhudza ife tonse, okhala kumidzi ndi abale athu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Ambiri a m'malo amenewa anachokera kwina: Amang'anja a ku Chikwawa, Ayao a ku Zomba ndi Mangochi, Alomwe a ku Mulanje ndi Thyolo, Angoni a ku Ntcheu. Ana ao abadwira m'tauni. Tsiku la maliro lifika, anthu afunsa kumene akaike mtembo, kapena pabuka mlandu wa munda wa kumudzi, ndipo apeza kuti gogo amene anadziwa zonse anamuika kale m'manda.

1. Ntchitoyi ndi yotani

Ena alemba makolo ao okha: atate, agogo, ndi obala agogo. Koma iripo njira ina, ndiyo kusankha dzina limodzi ndi kulemba munthu ali yense amene analitenga, mbale ndi mlendo yemwe, kuti pambuyo pake zioneke kuti ndani ali mbale wa yani. Ku England anthu ochita ntchito yotere anapanga bungwe lao m'chaka cha 1979, lotchedwa Guild of One-Name Studies. Ife tilangiza kuti woyamba asankhe dzina losawanda, monga la agogo ake aamuna limene banja lilemba kusukulu. Wofuna mfunda waukulu, monga Phiri kapena Banda, adule malire ake, anene kuti, Ndilemba a Phiri a mpingo wathu okha. Pakuti a Phiri onse a m'Ndirande sangathe m'buku limodzi.

2. Dzina limodzi si magazi amodzi

Apa ndi pamene ambiri aphunthwa. Maina afika pa anthu a kuno m'njira zosiyana.

Iripo njira ya mfunda, umene Angoni ati chiwongo. Mfunda wa Phiri, Mbewe ndi Mwale upezeka pakati pa Achewa, Amang'anja ndi Ayao omwe. Kale Achewa anautenga kwa amai, koma ambiri lero autenga kwa atate. Motero mbadwo umodzi ukhoza kusiyana mfunda ndi mbadwo wotsatira, ngakhale magazi ali omwewo.

Iripo njira ya sukulu ndi ya ntchito. Mphunzitsi kapena kalaliki anafunsa mwana dzina la atate wake, nalilemba monga dzina la banja. Mng'ono wake anatchula la agogo, kapena la atsibweni amene anamlera. Taonani, ana a mimba imodzi ali ndi maina awiri.

Iripo njira ya ubatizo. Mishoni ya Blantyre inayamba m'chaka cha 1876, ndipo Akhristu oyamba ambiri analandira maina a ku Scotland. Mwa madikoni asanu ndi awiri amene David Clement Scott anawapatula m'chaka cha 1894 munali John Gray Kufa ndi James Gray Kamlinje. Onse awiri ali ndi Gray, koma dzinalo linaoloka nyanja, silinachokere kwa makolo ao. Wolemba wosasamala akhoza kuwayesa a nyumba imodzi.

Iriponso njira ya kulowa dzina. Mfumu ikafa, wolowa m'malo mwake atenga dzina lomwelo. Kapeni amene analandira amishoni oyamba sali Kapeni wa masiku ano, ndipo chomwecho ndi Machinjiri. Polemba dzina lotere tilembe pamodzi ndi zaka zake ndi dzina lake la paubwana.

Tikumbukirenso kuti makalaliki akale analemba monga anamvera. Wina analemba Phiri, wina Piri, wina Phili. Zonsezi tizisonkhanitse pamodzi, koma chilichonse tichikopere monga tachipeza, osachikonza.

3. Makonzedwe a zolemba

Pafunika zinthu zitatu: kope limodzi, makhadi, ndi kope lachiwiri.

Kope loyamba ndilo la mboni. M'menemo tilembe chilichonse chimene tamva kapena taona, ndi tsiku lake, ndi kumene chachokera, ndipo mboni iliyonse ilandire nambala. Chitsanzo: Mboni 7, mau a gogo Uje, pakhonde pao ku Chilomoni, tsiku lakutilakuti. Mboni 8, kalata ya ubatizo ya Uje, yosungidwa ndi mwana wake. M'kope limeneli sitifafaniza kanthu. Ngati gogo anena lero zosiyana ndi za dzulo, tilembe zonse ziwiri.

Makhadi ndiwo a anthu: munthu mmodzi, khadi limodzi, nambala imodzi yosasinthika. Pakhadipo tilembe maina ake onse, la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo ndi la kuntchito, mfunda wake, atate ndi amai, mudzi, mfumu ndi boma, mpingo, ukwati, ana, kumene anafera ndi kumene anaikidwa. Pambali pa mau alionse tiike nambala ya mboni imene yatiuza. Akazi asasiyidwe, pakuti m'mitundu yambiri ya kuno munda ndi mudzi zitsata mbumba, ndipo khadi lopanda dzina la amai silidzathandiza pa mlandu.

Kope lachiwiri ndilo la mabanja. Umu tilumikiza makhadi, mwana kwa kholo, koma pokhapokha mboni ziwiri zosagwirizana upo zavomerezana. Makhadi amene sanapeze kholo tiwamange paokha ndi chingwe. Mtolo umenewu udzakhala waukulu koposa, ndipo suchititsa manyazi. Tikapeza a John awiri a dzina limodzi, obadwa nyengo imodzi, akhale awiri kufikira umboni utawayesa mmodzi. Kulumikiza anthu awiri ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma kuwalekanitsa atalowa molakwa m'buku kutha zaka.

Akale ambiri sadziwa chaka chobadwa, koma adziwa zimene zinachitika. Tifunse kuti, Munali msinkhu wanji pa njala ya 1949? Amai anu anakuuzani zotani za nkhondo ya Chilembwe ya 1915, kapena za fuluwenza ya 1918? Munakwatiwa ufulu wa 1964 usanafike kodi? Chaka chopezeka motere tilembe ndi mau akuti "ngati", kuti wowerenga adziwe kuti n'choyerekeza.

4. Kumene tikafune

Tiyambe ndi amoyo, pakuti buku lidikira koma nkhalamba sidikira, ndipo safunsa anadya phula. Tipite mwaulemu, osafulumira, ndipo tibwerenso kachiwiri, popeza zimene gogo waiwala lero azikumbukira usiku. Pambuyo pake tione m'sutikesi za m'nyumba: makalata a ubatizo ndi a ukwati, ziphaso za msonkho, zitupa za iwo amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela kapena ku Halale, ndi makalata amene analemba ali komweko. Machona nawonso alandire makhadi ao, ngakhale sanabwerere. Tiwerenge ziliza za kumanda, titapempha kwa mfumu. Tipemphe mlembi wa mpingo kuti atiwerengere kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati. M'madera ambiri kaundula wa mpingo ndiye wakale koposa, pakuti lamulo lakuti mwana ali yense alembedwe ku boma linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2015. Ofuna kupitirira apite ku National Archives ku Zomba, imene inayamba m'chaka cha 1947, kapena ku nyumba ya mabuku ya Society of Malawi ku Mandala.

5. Kusunga

M'chaka cha 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba, ndipo zolemba zambiri za zaka zoyamba zinapsa. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, ndipo matope anakokolola nyumba za ku Chilobwe ndi anthu ndi zonse zinali m'menemo. Ngati za boma zinapsa, nanga kope la pansi pa mphasa? Chiswe ndi makoswe nazonso sizigona. Chifukwa chake zolemba zikhale m'bokosi lachitsulo pamalo okwera, ndipo chaka ndi chaka tikopere zonse, kapena tizijambule ndi foni, titumize kwa mbale wa kumudzi. Tisankhenso mwana mmodzi wa mtima wofatsa, timphunzitse manambala athu tikali moyo.

6. Chenjezo

Mtumwi Paulo anachenjeza Timoteo ndi Tito za mikangano ya mibadwo. Pofufuza tidzapeza zina zowawa: kholo limene linagwidwa ukapolo, mwana wobadwa kunja kwa ukwati, munthu wothawa mlandu nasintha dzina. Tilembe zoona, koma za amoyo tisaulutse popanda chilolezo chao, ndipo bukuli lisakhale ndodo yomenyera mbale pabwalo. Mateyu, polemba makolo a Ambuye wathu, sanabise Tamara, Rahabi ndi Rute mlendo wa ku Moabu. Ifenso tilembe onse, ndi mtima womwewo.

Mafunso a mwezi uno

1. Dzina limene mulemba linayamba ndi yani, ndipo analitenga bwanji?
2. Tchulani amai a amai anu, ndi mudzi wao, ndi mfumu yao.
3. Wamkulu koposa m'banja mwanu ndani, ndipo mudzapita kwa iye tsiku liti?